Giza ya sola: imabwezadi ndalama kapena tikungokongoletsa denga?

Mukamadutsa ku Area 49, Area 25 kapena ku Chileka ndi ku Chigumula masiku ano tangokwezani maso pamadenga a nyumba zatsopano zija, muona timathanki tasiliva titagona chopingasa, kunsi kwake kuli machubu akuda atandandalikidwa ngati nsungwi za pathandala. Imeneyo ndiye giza ya sola, yotenthetsa madzi osamba ndi dzuwa. Chiikireni yanga pakhomo pano alendo akabwera nkhani siichedwa kufika pamenepo, "achimwene, chimenechi chimabwezadi ndalama?" Wogulitsa amakuuza kuti mayuniti uzigula theka la omwe umagula kale, pomwe aneba ena amene anaika chaka chomwecho akuti anangotaya ndalama, June akafika amatenthetsabe madzi pambaula ngati wina aliyense. Ndipo pa awiriwa palibe akunama, kungoti nyumba zawo n'zosiyana, kasambidwe kawonso n'kosiyana.

Chomwe ambiri sitichiganizira n'chakuti giza ya sola siibweretsa ndalama m'nyumba, imangokuchotserani ija mukuwononga panopa potenthetsa madzi, basi. Ngati mukuwononga zambiri ikubwezerani zambiri, ngati mumasamba ndowa imodzi yothira ketulo imodzi ndiye ilibe poti n'kudula. Nde musanapite kushopu kukafunsa mtengo yambani mwaima kaye pa mita yanu ija.

Masamu ake si ovuta. Yuniti imodzi ya ESCOM, ija timagula pafoni ija, imatenthetsa madzi malita 21 kuwachotsa pa madigiri 20, m'mene amatulukira pampopi m'malo ambiri, kuwafikitsa pa 60 pomwe giza yamagetsi imakonda kuimira. Tingoti ndowa imodzi, yuniti imodzi. Giza ya malita 150 kuti itenthe yonse kuchokera kozizira ndi mayuniti 7, ndipo elementi yake, chitsulo chotenthetsa madzi mkatimo, kawirikawiri imakhala ya mawati 3,000, kutanthauza kuti ikayaka ola limodzi mayuniti 3 apita, pamene babu la LED la mawati 10 limene timakalipira nalo ana kuti "thimitsani magetsi kuchipindako" liyenera kuyaka maola 100 kuti limalize yuniti imodzi yokha. Timalimbana ndi mababu chilombo chili phee musiling'i. Ndipo chilombocho olo munthu asatsegule mpopi tsiku lonse chimadyabe, madzi amazizira okha pang'onopang'ono thermostat, kachipangizo koyeza kutentha kwa madziwo, n'kuyatsanso elementi, pamenepo pamatha yuniti imodzi pena awiri patsiku palibe wasamba.

Tsono taonani m'mene makomo amasiyanirana. Banja la anthu 5 kapena 6 losamba pashawa, giza yoyaka usana ndi usiku, mwinanso kukhitchini amatsukira mbale madzi omwewo, limeneli likhoza kumamaliza mayuniti 8 kapena 9 patsiku pa madzi otentha okha, pamwezi cha m'ma 250, pachaka kukafika 3,000. Khomo lina lili ndi giza yomweyo koma bambo ndi amene amasunga swichi, imayatsidwa 4 koloko m'mawa kwa ola limodzi n'kuthimitsa, wochedwa kudzuka zake zimenezo, amenewa akuwononga mayuniti 3 patsiku, pachaka kungopitirira 1,000 pang'ono. Ndiye pali ife ambiri amene tinakulira ndowa, madzi owira malita 5 ukawathira m'ozizira malita 15 umapeza ndowa yodzadza ya madigiri 40 yosamba bwinobwino, ndipo kuwiritsa malita 5 amenewo ndi theka la yuniti basi. Makomo atatuwa atagula giza ya sola yofanana pamtengo umodzi, wina ibweza ana asanamalize pulayimale, wina adzadikira mpaka thanki kuchita dzimbiri.

Kuti mudziwe gulu lanu sipafunika injiniya. Lembani mayuniti otsala pa mita Lamulungu madzulo, khalani sabata yathunthu monga mwa masiku onse, lembaninso. Sabata yotsatira gwetsani swichi ya giza pa bokosi lija, aliyense asambe ozizira kapena a pambaula, kung'ung'udza kukhalapo koma ndi sabata imodzi yokha. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiye nyama yonse yomwe sola ikubwera kudzalimbirana, ndipo siitenga yonse ayi.

Kagwiridwe kake anthu ambiri amakasokoneza ndi mapanelo opanga magetsi aja. Iyi ilibe batire ilibe inveta, dzuwa limatenthetsa madziwo mwachindunji. Chubu chilichonse ndi magalasi awiri, lina mkati mwa linzake, pakati pake anachotsamo mpweya wonse ngati fulasiki ya tiyi, galasi lamkati analipaka zakuda zomwe zimamwa dzuwa nde kutentha kukalowa kumasowa potulukira. Madzi akatentha amapepuka n'kukwera okha kupita muthanki, ozizira n'kutsikira m'machubu, kumangozungulira choncho tsiku lonse popanda pampu, n'chifukwa chake thanki imakhala pamwamba machubu kunsi. Ulipo mtundu wina wa bokosi lafulati lagalasi lokhala ndi timapaipi takopa mkati, koma pamsika kuno zomwe zadzadza ndi za machubu ndipo zambiri n'zochokera ku China. Muyezo wake wodziwika ndi chubu chimodzi chachitali mamita 1.8 pa malita 10 alionse, ya 150 machubu 15, ya 200 machubu 20. Wina akakuonetsani thanki yaikulu bwino ya malita 200 koma machubu 12 pamtengo wotchipa, dziwani kuti muzisamba ofunda chabe.

Dzuwa lokha kuno si nkhani, tikatenga chaka chonse sikweya mita imodzi imalandira mphamvu yofanana ndi mayuniti 5 kapena kuposa patsiku. Vuto ndi nthawi yomwe limabwera. Madzi a sola amafika pachimake cha m'ma 3 kapena 4 koloko masana, pomwe ife Amalawi timasamba mbandakucha, ana akuthamangira kusukulu makolo kuntchito, munthu kutuluka pakhomo osasamba ndi nkhani ya m'mudzi wonse. Thanki yabwino yokutidwa mokwanira imasunga kutentha usiku wonse, imangotayako pang'ono, koma ngati madzulo atsikana atsukira mbale, wina wasamba kawiri, wina wachapira, madzi otentha aja atuluka ndipo ozizira alowa m'malo mwake usiku kulibe dzuwa. M'mawa woyamba kulowa kubafa apeza ofunda, wachitatu amveka kukuwa. Kwathu zinatitengera miyezi kuti tigwirizane kuti akulu tizisamba madzulo, am'mawa tisiyire ana, ndipo mayi a kunyumba mpaka lero amati kusamba madzulo kokha si kusamba.

Kenako nyengo. Apa pali chinthu choseketsa, komwe madzi otentha amafunika kwambiri ndi komwe dzuwa limavuta. Ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu October madzi amatuluka pampopi ali otentha kale, giza uitani nayo? Ku Salima, Mangochi ndi Karonga dzuwa ndi mbwee koma munthu umalakalaka ozizira. Pomwe ku Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Zomba chiperoni chikagwa mu June ndi July, kamvula kowaza kaja ndi nkhungu yochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, masiku atatu anayi dzuwa osalionako, nthawi yomweyo ndi pamene madzi a mumpopi azizira ngati a mufiliji ndipo aliyense akufuna otentha kwambiri. Ku Dedza ndi ku Mzuzu nkhani yake ndi yomweyo. Machubu amakolako ndithu olo kuli mitambo koma ndi pang'ono. January ndi February mvula ikamata sabata yathunthu nazonso zimachitika. Nde amene akukuuzani kuti simudzagulanso yuniti ya madzi otentha akufuna ndalama zanu, kuwerengera kwanzeru ndi kwakuti sola ikusenzereni magawo awiri mwa atatu a ntchitoyo pachaka, gawo lotsalalo ndi magetsi kapena mbaula.

Ndiye apa ndi pomwe anthu ambiri amaluzira osadziwa. Magiza a sola ambiri amabwera ndi elementi yamagetsi mkati yothandizira masiku a mitambo, pulambala amailumikiza n'kuisiya yoyaka, iye wapita. Chimachitika n'chiyani? Mwasamba nonse 6 koloko, thanki yadzadza madzi ozizira, thermostat yaona kuti kwazizira yayatsa elementi, pofika 9 koloko madzi atentha kale ndi magetsi anu omwe, dzuwa likamatuluka bwino lipeza ntchito yagwiridwa kale. Mwezi ukutha mayuniti akutha ngati kale inu n'kumati sola ndi bodza, chikhalirecho mwagula giza yamagetsi yodula n'kuikhazika padenga. Aneba anga aja ndikukhulupirira kuti vuto lawo theka ndi limeneli. Mankhwala ake ndi katayima kotchipa koyatsa ndi kuthimitsa magetsi pa nthawi yomwe mwaika, kapena swichi yapayokha yoti muziyatsa nokha, elementi iziyaka mbandakucha kwa ola limodzi masiku ozizira okha, masana onse isiyireni dzuwa. Kungoti madzi osungidwa ofunda masiku ambiri si abwino, muli kachilombo kotchedwa Legionella kamene kamaswana m'madzi ofunda ndipo kamafa pa madigiri 60, nde nyengo ya chiperoni muzilola kuti thanki itenthe mokwanira kamodzi pasabata.

Koloza nako. Ife tili kummwera kwa equator, Mzuzu madigiri 11 ndi theka, Lilongwe pafupifupi 14, Blantyre pafupifupi 16, nde miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, machubu ayenera kuyang'ana kumpoto. Mavidiyo ambiri a pa YouTube ndi a anthu a ku Ulaya ndi ku America amene amati kummwera, kwawoko n'zoona kuno ayi. Ku Lilongwe kuyambira kumapeto kwa October mpaka pakati pa February dzuwa la masana limapendekera kummwera pang'ono koma nthawi imeneyo lili pamutu penipeni, kutentha n'kosasowa, amene tikumusaka ndi June. Ndinaonapo giza itayang'ana kumadzulo chifukwa choti mwini nyumba sanafune kuti izioneka kumsewu, ina ili pansi pa mtengo wa mango. Mthunzi wa 10 koloko mpaka 3 koloko ndiye wakupha, ndipo muziyang'ana mthunzi wa June chifukwa ndi wautali kuposa wa December.

Pogula akufunsani kuti low pressure kapena high pressure. Ya low pressure ndi yotchipa, madzi amalowa m'machubu mwenimwenimo, thanki siikhala ndi mphamvu ya mpopi, pamwamba pake pamakhala kathanki kakang'ono ka mpira ngati wa m'chimbudzi chamadzi kodzadzira, ndipo madzi amatsikira kubafa ndi kulemera kwawo kokha. Nyumba ikakhala yaifupi shawa imangodontha ngati ikulira, ndipo mukaphatikiza ndi ozizira a mphamvu pa mikisa imodzi ozizirawo amakankha otentha, mumangopotokola mipopi osapeza pabwino. Ya high pressure m'machubu mulibe madzi, muli timapaipi takopa totengera kutentha kupita kuthanki, shawa imamenya bwino ndipo chubu chimodzi chikasweka madzi satayika, koma mtengo wake umakwera kwambiri ndipo imafuna mavalavu ake otetezera, osachita zachidule pamenepo.

Yanga ndi ya low pressure ndipo inandiphunzitsa mu October wina. Madzi anasiya kwathu masiku atatu, ife osaganiza kanthu tinangopitiriza kutunga a mugiza mpaka thanki gwa, machubu n'kutsala padzuwa la October opanda madzi okwanira, galasi lotero limatentha kupitirira madzi owira kutalitali. Tsiku lachitatu cha m'ma 1 koloko masana madzi anabwera, mayi a kunyumba ali pakhonde akusankha nyemba anangomva "thwaa" padenga ngati wina waponya botolo, kenako madzi chuu kutsika m'malata. Machubu awiri anang'aluka, ndipo mtundu umenewu chubu chimodzi chikasweka thanki yonse imakhuthukira pomwepo. Amene anatiikira sanatiuzepo n'kamodzi komwe kuti madzi ozizira salowetsedwa m'machubu otentha, foni yake nayonso inali itasiya kupezeka. Ndinazungulira tauni masiku awiri kusaka machubu a saizi yake. Pano pa paipi yokwera kudenga ndinaikitsa valavu pofikira dzanja, madzi akangosiya timatseka, akabwera timadikira usiku kapena mbandakucha machubu atazizira. Ngati kwanu madzi amavutavuta ndipo mulibe thanki yosungira, limeneli liganizireni kawiri, mwina ndalama yoyamba ipite ku thanki ndi sitandi yake.

Matalala ang'onoang'ono machubu amapirira, koma legeni ya ana osaka mbalame ndi mpira wa pamsewu ayi. Musanalipire funsani ngati machubu a sipeya amagulitsa, ndipo muwaone ndi maso.

Kulemera anthu amakuiwala. Malita 200 ndi makilo 200, kuphatikiza thanki, machubu ndi chitsulo chake mukuyandikira makilo 300, ndiye matumba 6 a simenti atakhala malo amodzi padenga zaka ndi zaka. Madenga athu ambiri ndi matabwa a paini owonda, pena ofumbwa kale, okhomedwa kuti anyamule malata basi. Kalipentala akwere aone kaye, giza ikhale pamwamba pa khoma kapena awonjezere matabwa, apo ayi imangireni sitandi yachitsulo pambali pa nyumba, zomwe zimathandizanso kuti malata asabooledwe n'kuyamba kudontha mvula yoyamba. Zonsezi ndi ndalama zomwe pa kotesheni yoyamba sizioneka. Mapaipi a madzi otentha akhale a PPR kapena kopa, PVC wamba amafewa, ndipo akutidwe, komanso giza isatalikirane ndi bafa chifukwa paipi yaitali mumayamba mwataya ndowa ya madzi ozizira otentha asanafike. Ndipo ngati muli ndi ana aang'ono kapena agogo pakhomo, valavu yosakaniza madzi otentha ndi ozizira asanafike pampopi musaisiye, mu October ndi November madzi a sola amafika powira enieni, nthunzi kuchita kutuluka pa kapaipi kopumira, mwana kutsegula mpopi ndi chilonda cha moyo wonse.

Madzi anu ndi otani? Yang'anani pansi pa ketulo. Ngati pamamatirira zoyera zolimba ngati laimu, zomwezo zikadzadza m'machubu ndi pa elementi, madzi a mjigo ndi a chitsime ndiye amakonda zimenezi, ndipo amchere ngati a madera ena a kuchigwa cha Shire amadya thanki yopyapyala m'malo owotcherera. Giza yabwino pa madzi abwino zaka 10 mpaka 15 imafika, yotchipa pa madzi oipa ikhoza kuyamba kudontha isanabweze n'komwe ndalama zake, nde walanti ikhale yolembedwa papepala ndipo muone kuti akunena thanki kapena machubu okha.

Tsono tibwere pa ndalama zenizeni. Mitengo ya m'makwacha imasintha mwezi ndi mwezi nde ine ndimakonda kusandutsa zonse kukhala mayuniti. Tengani kotesheni yonse, giza, mapaipi, mavalavu, tayima, sitandi, pulambala, wamagetsi, thiransipoti, muphatikize. Kenako tengani meseji yomwe munagulira magetsi komaliza, gawani ndalama munalipira ndi mayuniti munalandira, umenewo ndiye mtengo wanu weniweni wa yuniti msonkho uli momwemo. Gawani kotesheni ija ndi mtengo umenewo. Tiyerekeze zatuluka mayuniti 8,000, nambalayi ndangoitola kuti masamu ayende inu muika yanu. Banja lija la mayuniti 3,000 pachaka sola ikalichotsera 2,000 ndiye zaka 4 yabweza, zaka zotsatirazo ndi phindu lokhalokha, imeneyo ndi dilu yabwino kuposa mabizinesi ambiri omwe timayamba. Bambo wosunga swichi uja amene amawononga 1,000 n'kachidutswa apulumutsa mwina 700, ndiye zaka 11, nthawi yomwe giza yayamba kale kukalamba. Wa ndowa ndiye tisachite kuwerengera. Ndipo chenjerani, madzi otentha akakhala aulere anthu amayamba kuchedwa kubafa, bilu ya madzi imakwerako.

Ngongole ndiye imasokoneza zonse. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti, mabanki obwereketsa anthu amaika pamwamba pa pamenepo. Tiyerekeze mwabwereka pa 30 peresenti, pa mayuniti 8,000 aja chiwongoladzanja chokha chaka choyamba chikuyandikira 2,400, pomwe giza ikukupulumutsirani 2,000, mukugwirira ntchito banki. Za banki nkhonde kapena katapila wa pamwezi ndiye musayerekeze n'komwe. Koma ngati ndalama muli nayo m'manja nkhani imatembenuka, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo nthawi zonse ikagwa katundu wochokera kunja amakwera, magetsi nawonso sachedwa kutsatira. Amene anagula giza zisanachitike izi anagula ndi kwacha yamphamvu ndipo akupulumutsa mayuniti a mtengo wa lero, pomwe ndalama yomweyo ikanangokhala kubuku ikanasungunuka. Nde masamu a zaka 4 aja kunena zoona amafupikirako mtengo wa magetsi ukamakwera.

Nthawi yabwino koposa ndi pomanga nyumba kapena giza yakale ikaphulika, chifukwa pamenepo mugula giza basi mufune musafune, nde chomwe mukuwerengera ndi kusiyana kwa mitengo iwiriyo osati mtengo wonse wa sola, ndipo mapaipi ndi denga mumakonzeratu osachita kugumula khoma.

Pali china chomwe masamu sagwira, mabulakauti. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, Nkula, Tedzani ndi Kapichira, madzi akachepa ngati zinachitikira mu 2016 ndi 2017 dziko lonse limakhala mumdima, ndipo namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022 mamegawati pafupifupi 130 anachoka kamodzi n'kamodzi, tinakhala chaka chathunthu ndi miyezi tikugawana magetsi. Nthawi ngati imeneyo kusamba otentha osayatsa mbaula 4 koloko m'mawa kuli ndi mtengo wake umene aliyense amaudziwa yekha. Amene muli ndi inveta ndi mabatire mukudziwanso kuti giza ya mawati 3,000 siilumikizidwa pamenepo, imagwetsa zonse, nde giza ya sola imatseka dzenje limenelo. Kungoti tisakokomeze, giza yamagetsi nayo ikatentha imasunga madzi maola ambiri magetsi atathima, vuto limabwera akathima nthawi yomwe inu mumayatsa.

Maboma amaikonda giza ya sola pa chifukwa chawo, magiza amagetsi amayaka onse nthawi imodzi m'mawa ndi madzulo pomwe magetsi akuperewera kale. Israel inalamula kalekale mu 1980 kuti nyumba zatsopano zizikhala nayo, Zimbabwe inaika lamulo lotero mu 2019, Kenya inayesa mu 2012 kwa nyumba zogwiritsa ntchito madzi otentha opitirira malita 100 patsiku koma aphungu anadzalithetsa mu 2018. Zimenezo n'zothandiza dziko, koma thumba lanu ndi lanu, kuwerengera kwake ndi kuja tachita kale.

Wokhala nyumba ya lendi ndiye ayi, pokhapokha mutagwirizana ndi alandilodi papepala kuti muzidula pa lendi, chifukwa tsiku lokutulutsani giza simuinyamula pamutu. Alandilodi nawo amaona kuti mayuniti amagula ndi wobwereka nde iwo apindulanji, ngakhale nyumba yokhala ndi sola ndi thanki ya madzi siichedwa kupeza munthu. Amene imawabwezera msanga kuposa tonse ndi a malo ogona alendo, mahostelo, masaluni ndi nyumba zodzadza anthu, komwe madzi otentha amatha tsiku lililonse osatsala.

Nanga ambirife amene sititenthetsa n'komwe ndi magetsi? Kalembera wa 2018 anapeza kuti makomo pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndi amene amaunikira magetsi, ndipo olo m'tauni momwe magetsi alimo madzi osamba ambiri amatenthera pa makala. Kuwerengera kwake ndi komweko, kungoti m'malo mwa mayuniti muwerenge matumba, pamwezi makala angati amapita ku madzi osamba okha osati kuphika? Makomo ambiri madzi amaikidwa pa moto wotsala nsima ikapsa nde ndalama yake ndi yochepa, koma khomo la ana ambiri loyatsa mbaula yapadera m'mawa uliwonse mukhoza kudabwa. Pamafunikanso mpopi wodalirika wokweza madzi kudenga, popanda umenewo giza ya machubu siyanu. Agogo athu ankaika beseni la madzi padzuwa masana kuti ana asambe madzulo, chigubu chopaka penti yakuda chimachita zomwezo mwabwinoko, mtengo wake ndi wa penti.

Ndipo musanafike pa giza ya sola pali tinthu totchipa toyamba nato, tayima pa giza yamagetsi muli nayo kale, kuikuta ndi bulangete lake losunga kutentha pamodzi ndi mapaipi, kutsitsa thermostat ngati ili pa 70 ibwere pa 60, kusintha mutu wa shawa kuika wotulutsa madzi pang'ono. Mukatero muyezenso pa mita, pena mupeza kuti chotsala n'chochepa moti sola ilibenso chodya. Ena pano akuika mapanelo a magetsi n'kumatenthetsa giza wamba masana poti mapanelo atchipa kuposa kale, zili ndi ubwino wake, kulibe machubu osweka kulibe thanki padenga, koma zimafuna denga lalikulu ndi wamagetsi wodziwa ntchito yake, osati aliyense wa sikuludiraiva m'thumba.

Ine kwathu tilipo 6, tonse a shawa, nyumba ndi yathu ndipo ndinagula kashi giza yakale itayamba kudontha musiling'i, nde kwa ine yabweza olo nditawerengera machubu awiri aja ndi valavu. Alamu anga amene amakhala awiri okha ndi akazi awo, onse ochoka m'mawa kubwera usiku, ndinawauza kuti agule tayima basi ndalama yotsalayo aikire thanki ya madzi, anakhumudwa pang'ono poti ankafuna denga lizioneka ngati la aneba. Pakhomo pano elementi imayaka 4 koloko mpaka 5 koloko m'mawa kuyambira May mpaka August ndi masiku a mvula yomata, miyezi ina yonse swichi yake ili pansi, ndipo machubu awiri a sipeya ali pamwamba pa wodilopu, atakulungidwa m'chitenje chakale cha mayi a kunyumba.